Uvuni Wopanda Moto

Pamalo okwerera matakisi m'katauni kena ka m'mapiri a Atlas, mayi wina anatula thabwa la buledi wosaphika pabenchi, pafupi ndi bambo wandevu zoyera. Kumeneko mayi amamuitana mwaulemu kuti Lalla, bambo kuti Sidi.

"Mukupita naye kuti buledi wosaphikayu, Lalla?"

"Kutauni inayo, nanga nditani? Uvuni wathu wa tonse ausandutsa malo oonetsa alendo. Zaka zonsezi tinkangotula buledi kwa a Ba Mbarek kuti atiphikire, iwo n'kumadziwa chizindikiro cha banja lililonse pa buledi, osasokoneza ngakhale tsiku limodzi. Lero akuti utsi ukudetsa makoma amene apaka laimu!"

"Komatu akonzapo bwino. Alendo akumasangalala."

"Kusangalala ndi chiyani? Moto wake ndi babu lofiira, buledi wake wapulasitiki! Ana anga adye zithunzi? A Ba Mbarek anawachotsa, ati alibe mano, sakuoneka bwino akamajambulidwa. Ndamva aikapo chitsiru china chongoima pakhomo pa uvuni n'kumasekerera tsiku lonse."

"Musatukwane, Lalla. Nayenso ali ndi ana."

"Mukumuikira kumbuyo bwanji, Sidi? Ndi m'bale wanu?"

"Munthuyo ndine."

Mayi uja anavundukula nsalu n'kuwakankhira thabwalo.

"Chabwino, akatswiri a buledi. Dzuwa ndi ili, ndipo wafufuma kale. Tandiuzani, akafika asanasase?"

"Sindingadziwe, Lalla. Chibadwire sindinakandepo ufa. Anandilemba ntchito chifukwa cha ndevuzi."