Ndinalavula Vinyo Pamaso pa Mabwana

Aulutsi, ine ndimagwira ntchito yolawa tiyi pafakitale ina kuno ku Thyolo. Timakoka tiyi pasupuni mwaphokoso, kumuzunguliza m'kamwa, kenako n'kulavula.

Tsiku lina mabwana ananditengera kulesitilanti ya paesiteti kukalawa zakudya za ku Asia, mbale iliyonse ndi vinyo wake. Itabwera nsomba ya tsabola ndi jinja, ndinanyamula tambula ya vinyo woyera, ndinakoka mwaphokoso, n'kulavulira m'kapu. Chizolowezi! Mabwana onse anatembenuka n'kundiyang'ana.

Mayi wothira vinyo, amene makolo ake ankathyola tiyi ku Khwethemule, sanaseke. Anati, "Abambo awa ndiye odziwa kulawa. Mwamvamo chiyani, bambo?"

"Akutsekemera ngati nanazi wosapsetsa," ndinayankha motsitsa mawu.

"Eyaa, ndi momwemo! Tsopano idyani nsombayo, mumwerenso, koma ulendo uno mumeze."

Nditatero, moto wa tsabola uja unazilala, jinja n'kuyamba kumveka bwinobwino. Posakhalitsa mabwana nawonso anayamba kukoka mwaphokoso ngati ine.

Mayi inu, ngati mukumvera, zikomo. Vinyo uja munasankha bwino, koma chimene chinkandiwotcha kwambiri tsiku lija sanali tsabola ayi, anali manyazi, ndipo munawazimitsa ndi pakamwa panu.