Mizati Inayi ya Chigafa cha kwa Lukwa

"Mayi a Tadala, mlonda wochotsedwa ntchito uja ndi mbale wanu kodi, kuti muzimupatsa moni chogwada?" Anandifunsa choncho anzanga oyandikana nawo nyumba tili pamjigo. Sindinawayankhe, chifukwa ndikanayankha zoipa. Ndiye ndati ndiyankhe pano, abale ndi alongo mwa Ambuye. Mtendere ukhale nanu, ngakhale ine ndikulemba mtima ukuwawa.

Amuna anga, bambo a Tadala, ankagwira ntchito pa esiteti ina ya fodya kuno kwa Lukwa. Pageti pankakhala a Banda, msilikali wopuma, amene tonse tinkangowatchula kuti a Sajeni. Aganyu ankawachitira sawatcha yachipongwe akamadutsa. Inenso ndinkaseka nawo, Mulungu andikhululukire.

Chaka chimenecho kapitawo anamangitsa chigafa ndi mizati yakale, akuti mitengo yavuta. A Sajeni anali ndi chizolowezi chogogoda mzati uliwonse ndi ndodo yawo, khutu atayandikiza. Anamuuza kapitawo kuti mizati inayi yapakati yadyedwa ndi chiswe, munthu asakweremo. Iye anati, "Madala, nkhondo inatha kalekale. Bwererani kugeti." Anthu anaseka.

Lachinayi lake mvula inagwa m'mawa wonse. Udzu wapadenga unalemera, m'kati fodya wamuwisi ali tho. Bambo a Tadala anatumidwa pamwamba kukapachika fodya wina. Ine ndinali chapafupi ndi amayi ena tikusoka fodya, mwana ali kumbuyo. Ndinangomva kuti thyoo, chigafa chonse pansi.

Mtanda unawapsinja mwendo amuna anga, fupa linatulukira kunja, magazi akutuluka mosalekeza. Amuna onse amene analipo anangoima manja ali kumutu. Ine ndinagwada m'matope momwemo n'kunena kuti, Yesu, mwanayu sanayambe n'kuyenda komwe, musamusandutse wamasiye.

Ndisanadzuke, a Sajeni anafika akuthamanga ndi ukalamba wawo. Anaitana amuna anayi, aliyense ndi dzina lake, kuti anyamule mtandawo. Anavula lamba wawo, anamanga pamwamba pa bondo, n'kupotokola ndi kamtengo mpaka magazi analeka. Mwendowo anaumanga pakati pa timitengo tiwiri ndi chitenje changa.

Thirakitala inali itangofika kuchokera kumunda, ngolo itadzaza fodya. Mukudziwa chimene kapitawo ananena? Akuti atsitse kaye bwinobwino, masamba angathyoke. Masamba, abale anga! Munthu maso atayamba kutembenuka! A Sajeni anakwera m'ngolomo n'kuyamba kukankhira fodyayo m'matope, tinawagoneka amuna anga, ulendo wa kuchipatala. Adokotala anatiuza kuti popanda lamba uja tikanafika ndi maliro.

Sabata isanathe a Sajeni anachotsedwa ntchito, mlandu wake wosiya geti ndi kuwononga fodya. Kapitawo uja alipobe, ndipo Lamulungu amakhala benchi yakutsogolo. Ine ndimadziwika kuti ndine wofatsa, koma izi zokha sindinazimeze. Ndikupempherabe kuti ndimukhululukire, ndipo sindinama, sindinafikepo.

Komabe ndikuthokoza Mulungu, chifukwa anandiyankha kudzera mwa munthu amene ndinkamuseka. Tadala ali ndi bambo lero. Inu amene muli m'mayesero, musaleke kupemphera, ngakhale pemphero litakhala lalifupi ngati langa lija. Koma musamapemphere kokha. Mzati ukalira ngati ng'oma, kanani kukwera, olo akuopsezeni ndi ntchito. Ndipo asilikali opumawa, amene mwawaika m'mageti ndi ndodo m'manja, anatumikira dziko lino ife tili m'tulo. Akalankhula, tsekani pakamwa mumve.

Anthu amandiuza kuti ndizingothokoza, zinazo ndiiwale. Kuthokoza ndikuthokoza ndithu, koma kuwerenga ndimatha. Mwendo umodzi wa amuna anga unadulidwa, kuyambira pabondo kutsika. Ntchito za amuna awiri zinatha, ya a Sajeni ndi ya bambo a Tadala. Miyezi itatu yogona pachipatala, chimanga chathu chikudyedwa ndi chiswe m'munda. Zonsezi chifukwa cha mizati inayi.