Za bolodi lomwe linagwa mu Fomu 2

Ine, amene ana ndi aphunzitsi anzanga amanditcha Mayi Galamala, wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, wokhala m'nyumba za aphunzitsi kuseri kwa sukulu, mphunzitsi wa Chingerezi mu Fomu 2, ndikunena izi popanda wondikakamiza.

Kumayambiriro kwa temu ino bungwe lina linatipatsa bolodi lamakono, lija looneka ngati wailesi yakanema yaikulu, lolembapo ndi chala. Linabwera ndi maikolofoni. Mwana amawerenga chiganizo cha Chingerezi, makina n'kumamvetsera. Akakhoza, bolodi limachonga mobiriwira. Akalakwa, limaika mtanda wofiira, ndipo mawu a mzimayi wa m'makinamo amamuuza pa Chingerezi kuti ayesenso. Ndisaname, ndinalikonda. Ana omwe ankasinza m'kalasi mwanga anayamba kulimbirana maikolofoni.

Khoma la kalasiyo ndi losalimba, silikanatha kunyamula bolodilo palokha. Bambo omwe mwawatsekerawa, owotcherera zitsulo pafupi ndi msika, ndi amene anapanga felemu yachitsulo yomangirapo bolodilo. Sanafune malipiro. Anati mwana wawo wamkazi ali m'kalasi momwemo, aphunzire Chingerezi chomwe iwo sanachipeze.

Mwanayo ali ndi chibwibwi. Pa chimangirizo palibe womuposa, ine ndemwe nthawi zina ndimatsegula dikishonale ndikamachonga zake. Akamawerenga pamodzi ndi anzake mawu amatuluka bwinobwino, choncho chiyambire Fomu 1 ndinkamuwerengetsa pagulu, kapena tili awiri ena akapita kopuma. Koma ahedi anatiuza kuti eni bolodi amaona ali kuofesi kwawo kuti ndi ana ati omwe alankhulapo, ndipo akaona kuti ena sakuligwiritsa ntchito adzalitenga n'kukapatsa sukulu ina. Ndiye lamulo linali lakuti mwana aliyense aziima kutsogolo sabata iliyonse.

Makinawo sadikira munthu, bwana. Mwana akadali kulimbana ndi liwu loyamba, mtanda wagwa kale, mzimayi uja walankhula kale. Ulendo woyamba kalasi yonse inaseka, ndinawakalipira. Ulendo wotsatira sanaseke m'kalasi, anakasekera panja. Pasanapite nthawi mawu a mzimayi uja anasanduka dzina lake, mpaka tiana ta Fomu 1 tinkamukuwiza nawo pampopi. Ndinapita kwa ahedi kukapempha kuti yekhayu timusiye. Anandiyankha kuti mwana mmodzi sangatayitse sukulu yonse bolodi, ine n'kungoti chabwino. Lembani momwemo, ndinati chabwino. Lachinayi sabata yatha mwanayo anaima pa maikolofoni osatsegula n'komwe pakamwa. Mitanda inagwa motsatizana, iye anatenga chikwama chake n'kutuluka. Sanabwerenso, chonsecho mayeso ali pakhomo.

Lolemba m'mawa, ana ali kopuma, ndinali m'kalasimo ndikuchonga makope. Bambo a mwanayo analowa atavala ovolosi, sipanala kumanja, bulangete lakale paphewa. Sanali oledzera, sanatukwane munthu. Anandipatsa moni, ndinayankha. Ahedi, omwe anawaona akulowa pageti, anafika pambuyo pawo. Bambowo anayala bulangete pansi pa bolodi n'kuyamba kumasula mabawuti. Ahedi anawafunsa chomwe akuchita ndi katundu wa sukulu. Mawu a bambowo ndikuwakumbukira bwino, anati: "Bolodi ndi lanu, sindilitenga. Chitsulochi ndinawotcherera ndine. Sichingamanyamule chinthu chonyoza mwana wanga." Ahedi anatulutsa foni n'kuyamba kuimba kuno kupolisi.

Atamasula mabawuti a mbali imodzi, bolodi linapendekeka. Ndi lolemera, tsiku lolikweza analinyamula amuna atatu. Bambowo analitchinjiriza ndi phewa mbali yawo, n'kundiyang'ana, anati: "Madamu, gwirani uko, tilitsitse bwino."

Ndinali pafupi, kungotambasula mkono ndikanalikhudza. Ndinayang'ana ahedi. Ahedi anandipukusira mutu, foni ili kukhutu. Ine ndinangoti kakasi, cholembera chofiira chili m'manja. Bambowo anandiitananso kachiwiri. Kenako bolodi linawapulumuka, kona yake inaphonya bulangete n'kumenya simenti. Galasi linang'aluka kuchokera pansi mpaka pamwamba.

Sanathawe. Anakhala pa desiki yakutsogolo, yomwe ndi ya mwana wawo ngakhale sindikhulupirira kuti ankadziwa, sipanala ili pamiyendo, mpaka anzanu anafika. Felemu yomwe anaibwerera ija ikadali pakhoma.

Mwandifunsa ngati anaswa dala. Ayi. Munthu wobwera kudzaswa chinthu sanyamula bulangete. Ndamva kuti ahedi alembetsa kuti analikankha. Ine ndinalipo, ndi maso angawa, ndipo zimenezo sindinazione. Ndikudziwa kuti mawa ndikaonana ndi ahediwo m'chipinda cha aphunzitsi, nyumba yomwe ndimagonamo ndi ya sukulu, koma bodza lokha ayi. Ndikadagwira mbali inayo bolodi likadakhala lamoyo pa bulangete, bambowa akadagona kwawo. Zikundiwawa, bwana, ndipo ndili ndi manyazi.

M'mawa uno pobwera kuno ndamupeza mwanayo pabenchi panjapo ndi mayi ake, abweretsa chakudya cha bambowo. Atandiona anaimirira monga amachitira m'kalasi. Anafuna kundiuza kanthu, liwu linakakamira. Mayi ake anafuna kumuyankhulira, ine ndinati musiyeni, ndidikira. Ndinadikira ndithu. Litatuluka, linatuluka lonse, anati: "Madamu, akuti anakupemphani kuti mugwire. N'zoona?"

Ndinamuyankha kuti n'zoona. Anakhalanso pansi pabenchi paja.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi. Andiwerengera zonse ndipo ndavomereza kuti ndi mawu anga.

Saini ya mboni: ______________________

Wolemba umboni: ______________________