Maungu a Sekuru Chikaipa

Pa siteji ya makombi, maminibasi opita ku Mazowe, m'tauni ya Bindura, bambo wina wokalamba ankayang'anitsitsa mabotolo a madzi obiriwira amene mtsikana wina ananyamula.

"Mwanangu, madziwo ndi a kwa mneneri?"

"Ayi sekuru, ndatunga kudamu. Ndimaphunzira za ndere ku yunivesite."

"Ndere zomwe ndinkavuula ine padamu la mgodi zaka makumi awiri zija?"

"Zomwezo. Muli tizamoyo tosaoneka ndi maso. Tina timakoka nayitrojeni mumpweya, chakudya cha mbewu chomwe mumagula m'thumba la feteleza chija. Tikafa chimatsala m'madzi, tizilombo n'kudya, nsomba n'kunenepa."

"Taima kaye. Nanga munthu atazitaya kuseri kwa nyumba?"

"Zikawola ndi manyowa amenewo."

"Maiwe! Ine kudzala kunkanditalikira, ndiye wilibala ndinkangokhuthulira kuseri kwanga. Pamenepo panabereka maungu osanyamulika ndi mkono umodzi. Komponi yonse ya pamgodi inati Chikaipa amakawa, amakoka zokolola za anzake ndi mankhwala. Mpaka kutchalitchi anandichotsa pa ukulu wa mpingo!"

"Pepani sekuru. Sunali ufiti umenewo."

"Unali ulesi basi! Hehede! Tabwerezanso mokweza, amve nawo ogulitsa nthochiwa. Lamlungu lino ubwere kwathu ku Jumbo ndi botolo limodzi, ukaime kutsogolo kwa mpingo. Mkazi wanga, ambuya ako, akakuphera nkhuku."

"Koma akandikhulupirira, kamtsikana ngati ine?"

"Akakane bwanji? Onse ankandinenawo, maunguwo ankabwera kudzapempha!"