Mukazule Waya Wobiriwira Yekha

Pa siteji ya basi, bambo wina anakhala pa benchi atafungatira katoni ya masipika. Mayi amene anali pambali pake ndiye anayambitsa macheza.

"Kuli dansi kwanuko, bambo?"

"Ayi mayi, ndi a pa kompyuta awa. Mwana wanga ali kutali, amatiimbira Lamlungu lililonse. Kamdzukulu kayamba kulankhula, koma ine mawu ake sindinawamvepo."

"Chifukwa chiyani?"

"Mahedifoni tili nawo amodzi. Mayi a kunyumba akawavala savula. Mahedifoniwo akamafika kwa ine, kamwana kamakhala katagona kale. Ine ndimangoonerera timilomo tikugwedera."

"Lamlungu lino mukamva ndithu. Mahedifoniwo ali ndi mawaya angati?"

"Awiri. Ndikazula onse, tione ngati akavalenso."

"Mukatero ndiye kuti mwana wanu sakakumvani, pajatu maikolofoni ili pa mahedifoni omwewo. Waya wapinki ndi wa maikolofoni, mukamusiye pomwepo. Mukazule wobiriwira yekha, pabowo pakepo mukalowetse wa masipika."

"Basi?"

"Basi. Koma masipikawo akakhale patali pang'ono ndi maikolofoni. Ine ndinawayandikizitsa tsiku lina, anachita kuimba likhweru mpaka mchemwali wanga anadula foni."

"Nanga mayi aja ndikawavula bwanji? Inu simukuwadziwa."

"Musakawavule. Asiyeni avale, kungoti tsopano azikamvera limodzi ndi nyumba yonse. Inu mukafuna kulankhula, muzikasendera pafupi ndi tsaya lawo."

"Kusenderako ndikasendera, mayi, ngakhale andikankhe ndi chigongono. Bola ndikamve kamwanako kakundiitana."