Nkhanu Imene Sitinadye

Chaka chimene tinkadya chimanga chachikasu chija, mvula itabwerera koma m'minda musanache kanthu, ine ndinali ndi mwana kumsana, amayi anuwa, ndipo tinkakhala kwa Zingalume nyumba imodzi ndi banja lothawa nkhondo ku Mozambiki, pakati pathu pali chipupa cha bango basi. Si za lerozi zoti aliyense ndi chitseko chake. Wina akayetsemula uko, kuno tinkati pepani.

Masana ena ndinangomva atate ake Luwiza, bambo wa banja lija, akukalipa: "Ndakumba m'matope chiyambire m'mawa, nkhanu zandipana zala zonse, inu mwakataya ndiwo kumtsinje?"

"Sindinataye, ndabweza," anatero amake Luwiza.

"Mwabweza? Anakubwerekani ndani? Luwiza adya chiyani?"

Ndinalowa ngati wodzapala moto. M'chitini chimene chinabwera chodzaza munatsala nkhanu zisanu ndi imodzi, ndipo m'nyumbamo munalibe ndiwo ina. Amake Luwiza anazigadamiza imodziimodzi. "Onani, amnansi, yaimuna kamimba kake n'kopapatiza ngati chala. Koma iyi... ha, iyi inandiphonya." Pamimba pake panali potambalala ngati chivundikiro, ndipo atakanula ndi chikhadabo, ana inu, munali tiana nyakanyaka, tating'ono ngati mapira koma miyendo yokwanira.

Anandiuza kuti mvula ikayamba umazipeza ziwiri pansi pa mwala zitagwirana mimba ndi mimba, ndipo osadziwa amati zikumenyana. Pambuyo pake yaikazi siisiya mazira m'madzi ngati chule ayi, imayenda nawo pamimba mpaka aswe, ndipo ngakhale aswa imawasungabe momwemo mpaka alimbe. "Mukadya iyi mwadya ndiwo za chaka chamawa."

Bambowo anasuzumira nthawi yaitali. "Tonseti n'take?"

"Take. Ine ndinaoloka malire ndi mmodzi yekha kumsana, inu n'kumati ndikuchedwa."

Bambowo anaitola okha nkhanu ija, n'kutsika nayo kumtsinje.

Njala ya chaka chotsatira, kumene anthu anakumba osasankha, nkhanu zinasowa, koma kamtsinje kathu kanatipatsabe, ndipo amayi anuwa anakulira msuzi umenewo. Ine sukulu ndinalekera Giredi 3, koma zimene ndinaphunzira m'chitini muja ndimathokoza mpaka lero. Inu a masiku ano mumakokolola chilichonse ndi neti ya udzudzu. Mukagwira nkhanu, gadamizani kaye muone.

Tsiku la mkangano lija ndinakathyola nkhwani kudimba kwanga kuti zisanu zija zikwane. Bambowo anabwera matope mpaka m'mawondo, nkhope ili ndwii.

"Sambani m'manja, akatswiri okumba," anatero akazi awo.

Anasamba, n'kukhala pamphasa. Anathyola chala chachikulu cha nkhanu, anachiyang'ana, n'kuchikankhira mbali ya amake Luwiza.

"Idyani. Mawa mukandionetse zogadamizazo."