Chisamani cha Bwana Tcheya

Minibasi ya kampani ya Tifikabe itakana kuima pamtsetse wa kufupi ndi Nkando n'kukagona chagada m'munda wa nandolo, anthu anayi n'kugonekedwa kuchipatala, chisamani cha khoti sichinapite kwa dalaivala yekha ayi. China chinalunjika kwa wapampando wa bodi, a Kingstone Muhiwa, bambo amene ngakhale pamaliro amafuna kutchulidwa kuti Bwana Tcheya. Mlandu unali wa mawa lake ku Boma, ndiye masana anaitanitsa mlembi wa bodi, Mayi Estele, munthu amene chomwe wamva ndi chomwe alemba, osachotsera ngakhale chifuwa.

"Khalani pansi, a Sekilitale," anatero a Tcheya uku akuzungulira pampando wawo wamateyala. "Msonkhano ndautsegula."

Mayi Estele anatsegula buku la maminitsi, nayang'ana wotchi. "Thu koloko. Opezekapo, awiri."

"Mukulemba chiyani?"

"Mwatsegula msonkhano."

"Aaa, pakamwa pangozolowera. Uku n'kucheza chabe."

"Mfundo yoyamba, kucheza," anatero mayiwo cholembera chikuyenda.

"Tamverani kuno. Mawa akakakufunsani, mukanene kuti nkhani ya mabuleki ine sindinaimvepo. Galimoto amayendetsa ndi Godwin. Ine laisensi ndili nayo? Njinga yomwe ndimachita kukwezedwa."

"Laisensi mulibe, n'zoona. Koma kumva munamva." Ananyowetsa chala natembenuza masamba. "Pa 4 Malichi. Dalaivala Godwin wati buleki ikumira mpaka pansi. Bwana Tcheya ati azipopa kawiri, mwendo anapatsidwa ulere."

"Imeneyo inali nthabwala."

"Palibe anaseka. Ndikanalemba."

"Mayi, inu mumapemphera. Mawu ena munthu amangolankhula."

"Pa 8 Epulo. Godwin wati mafuta a mabuleki akudontha. Bwana Tcheya ati athiremo madzi a sopo, ndi mmene ankachitira makolo."

"Makolo ati? Makolo anali ndi minibasi?"

"Inenso ndinadabwa. Koma kudabwa kwa mlembi si mfundo."

A Tcheya anapukuta thukuta ndi tayi. "Tsiku limenelo ine kunalibe. Ndinali ku Limbe."

"Munatsegula ndi pemphero."

"Ndinapemphera n'kunyamuka."

"Munatsekanso ndi pemphero. Pakatipo munadya mandasi atatu, n'kupereka ganizo loti makaniko ayambe wadikira, tigule kaye mpando woyenera ulemu wa ofesi. Ndi umene mwakhalirawo."

Mpando unaleka kuzungulira.

"Chabwino. Masamba awiriwo ang'ambeni. Tikati chinadya chiswe."

"Chiswe chidye Malichi ndi Epulo, Febuluwale n'kumusiya?"

"Chiswe sichiwerenga kalendala."

"Koma majisitireti amawerenga manambala. Masambawa munaika manambala ndinu, n'kusaina lililonse, mumati mlembi angakubereni mawu. Taonani siginecha yanuyi, yatenga theka la tsamba." Anawerama n'kulemba. "Mfundo yachiwiri. Bwana Tcheya apempha kuti chiswe..."

"Musalembe zimenezo."

"Bwana Tcheya ati zisalembedwe."

"Kodi mayi inu, muli mbali yanga kapena ya boma?"

"Ndili mbali ya buku. Ndi ntchito imene munandilemba." Anaika cholembera pansi pang'ono. "Dzulo ndinali kuchipatala. Christobel, amene timaimba naye kwaya, anali m'minibasi ija, mkono uli m'pulasitala. Dengu lake la nanazi anatola ndi ongodutsa. Mtima unandiwawa, Bwana Tcheya. Ana ake atatu amadya za mkono umenewo. Anandifunsa kuti kodi pakampani panupo mwini mawu omaliza ndani."

"Ndiye munati chiyani?"

"Ndinati zinalembedwa pachitseko cha ofesi, ndi penti yofiira."

A Tcheya anacheukira chitseko chija, pomwe panali dzina lawo, ngati akuchiona koyamba. Kenaka anaimirira, nakoka jekete, nakhosomola kachifuwa kawo ka pamisonkhano.

"Lembani izi tsopano. Ine Kingstone Muhiwa ndatula pansi udindo. Kuyambira Januwale."

"Uno ndi Juni."

"Ndatula chobwerera m'mbuyo."

"Sizitheka. Malamulo a bodi, ndime 6: wapampando sachoka pampando pokhapokha atamwalira. Munailemba nokha, chaka chija a Hudson, mng'ono wanu, ankaunyambitira mpandowu."

"Ndiye ndimeyo tiisinthe."

"Ndime 7: ndime 6 sisinthidwa."

"Ndiye mukuti ndichite chiyani, ndife?"

"Mukaganiza choncho mundiuze, ndilembe nthawi yake."

Bambo aja anayenda kukafika kuzenera, nabwerera. Panja makondakitala anali kukuwa za ku Limbe ngati dziko lili bwinobwino. Mwadzidzidzi nkhope yawo inawala.

"Eyaa. Mwaona, nzeru sagula. Bodi si munthu mmodzi, a Sekilitale. Mutu umodzi susenza denga. Mlanduwu ndi wa bodi yonse. Tikaima tonse m'bokosimo, majisitireti akagawe yekha, aliyense kachidutswa kake."

"Zimenezo n'zomveka. Ndiwaitane onse?"

"Onse. Asatsale ndi mmodzi yemwe."

Mayi Estele anabwerera kutsamba loyamba lenileni. "Mamembala ndi anayi. Woyamba ndinu. Wachiwiri, a Phillip Muhiwa, malume anu."

"Aitaneni."

"Tinawaika m'manda zaka zitatu zapitazo. Voti yawo mwakhala mukuwaponyera ndinu, ndipo sanakutsutsenipo."

"Adumpheni amenewo."

"Wachitatu, Mayi Doris Muhiwa, akazi anu, wachiwiri kwa wapampando."

"Iwo aja sadziwa kuti ali m'bodi."

"Adziwira kukhoti. Wachinayi, Mayi Annette Namakhwa, mkulu woona za chitetezo cha pamsewu."

"Ameneyo ndiye munthu wathu. Za chitetezo eti? Mabuleki ndi ake amenewo. Ndani kodi mayi ameneyu, amakhala kuti?"

"Apongozi anu."

Munthu wamkulu uja anakhala pansi osayang'ana, mpando n'kuthawa pang'ono ndi mateyala ake. Dzina la apongozi anali asanalitchulepo chikwatirire, ndiye likanakhala bwanji m'mutu?

"Polembetsa kampani ankafuna maina anayi," anapitiriza mayiwo. "Inu munabwera ndi pepala lili ndi chidindo cha chala chawo."

"Ndinatuma akazi anga kuti akawadinditse. Ndinati ndi za makuponi a feteleza."

"Makuponiwo anabwera?"

"Chaka chilichonse amafunsa."

"Ndiye potengera ganizo lanu, woyamba kufunsidwa za mabuleki ndi iwowo. Ndi udindo wawo."

"Gogo wa zaka pafupifupi eyite? Buleki ndi hutala sasiyanitsa."

"Akafotokoza okha zimenezo. Kenaka majisitireti akawafunsa kuti nanga udindowu munaupeza bwanji. Iwo akaloza inu."

"Mayi Estele, inu ndinu wakonkuno, mwambo mukuudziwa. Ine ndi iwo tikakumana panjira, ine ndimapatukira m'munda wa tiyi mpaka adutse. Mphasa imodzi sitinakhalirepo."

"M'bokosi la khoti mulibe munda wa tiyi. Mukaima phewa ndi phewa."

"Nyumba yanga ndinamanga pamalo pawo. Maminibasi onse atatu amagona pansi pa mtengo wawo wa mapeyala. Ine pamudzi paja ndine mkamwini, ndinabwera ndi bulangete ndi kawailesi basi."

"Ndilembe bulangete?"

"Musalembe kanthu."

"Koma ganizo ladutsa. Mwati onse, asatsale ndi mmodzi yemwe. A Phillip avomereza?" Anadikira pang'ono, akuyang'ana mpando wopanda munthu. "Sanatsutse." Anatulutsa foni m'kachikwama. "Ndiimbire akazi anu kuti awauze achape chitenje chabwino. Khoti limayamba naini koloko."

"Ikani foniyo pansi."

"Ikuitana kale."

"Dulani, chonde, mayi anga. Ndagwira mwendo."

Anadula. A Tcheya anamasula tayi, naiyang'ana, naiponya patebulo. Mawu awo anatuluka ang'onoang'ono, koma kwa nthawi yoyamba chiyambire kampaniyo anali olunjika.

"Tsegulani tsamba latsopano. Lembani kuti bodi ya Tifikabe ndine ndekha. Godwin anandiuza, ine ndinakana. Minibasi ziwiri zotsalazo zisatuluke mpaka makaniko aziwone. Mawa ndikaima ndekha, ndipo ndikavomera asanamalize n'kuwerenga komwe."

Mayi Estele analemba zonse, kenaka anakweza maso. "Akhoza kukutsekerani, Bwana Tcheya."

"Anditsekere," anatero akusaina. "Majisitireti akakulanga amakuuza tsiku lotuluka. Apongozi akakuthamangitsa sanena tsiku lobwerera."